Foni Imodzi, Ana Awiri: Malangizo kwa Makolo a Mwana wa Otizimu

Inu makolo ndi alezi amene Mulungu anakuikizani mwana wa otizimu, mwana wopewa kupenya munthu m'maso, wokonda kukhala payekha nandandalika zitsekerero za mabotolo pamene anzake ali kalikiliki ndi chipako pabwalo, dziwani kuti umenewu si ufiti kapena tsoka la kumtundu, koma ndi mmene ubongo wake unakulira. Dokotala Leo Kanner anafotokoza za otizimu ku Baltimore mu 1943, atapenda ana 11.

Ana ambiri otere amaikonda foni koposa, pakuti foni sikwinya nkhope, sikalipa, ndipo yankho limene yapereka lero idzaperekanso lomwelo mawa. Koma taonani, chomtonthoza chomwechi chikhoza kumlekanitsa ndi abale ake, ngati amayi azingomsiyira kuti akhale chete iwo ali kumjigo.

Ku yunivesite ya Stanford, mu 2006, akatswiri anakonza masewera otchedwa SIDES pa tebulo la kompyuta la DiamondTouch, limene limazindikira dzanja la wosewera aliyense, kotero kuti wofuna kulanda nthawi ya mnzake ankakanizidwa ndi tebulo lomwelo, popanda wamkulu womdzudzula. Anzawo a ku Haifa ndi ku Trento anapanga chithunzi choduladula chimene chidutswa chake sichisuntha kufikira ana awiri atachikoka limodzi, ndipo anaona anawo akuyamba kudikirana. Akale anati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kumeneko makina ndiwo ankauphunzitsa mwambiwu.

Tebulo lotero simudzalipeza pamsika, komatu nzeru yake mungathe kuitsata pakhomo panu. Khazikani mwanayo pamphasa pamodzi ndi mbale wake mmodzi yekha, wailesi itazimitsidwa, ndipo muwagawire ntchito yoti wina sangaitsirize popanda mnzake: uyu aloze nkhuku kapena mbuzi, uyo aijambule ndi foni, kenaka asinthane ndi kuonera zithunzizo pamodzi. Tcherani alamu ya foniyo kuti ndiyo izilengeza kusinthanako, popeza kawirikawiri mwana amene akadalimbana ndi mawu a amake amagonjera belu mosavuta. Ndipo nthawi zonse munene mawu omwewo, akuti “nthawi yako” ndi “nthawi ya mnzako”. Musamuumirize kupenya mnzake m'maso, chifukwa kukhala naye phewa ndi phewa ndi chiyambi chokwanira. Akatseka makutu kapena kuyamba kuwawidwa mtima, lekani, mudzayesenso mawa.

Bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asakhazikidwe pa foni kapena kanema, ndi kuti wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Choncho yambani ndi mphindi zowerengeka. Kusinthanako kukazolowereka, isungeni foniyo, mutulutse mpira wachikulunga kapena galimoto lamawaya, ndipo munene mawu omwe aja.