Phunziro: Kudziteteza ndi Tsabola Wopopera

Amayi ambiri a ku Mbombwe amalawira m'bandakucha kupita ku msika, ena amachokera ku chigayo kutada. Nthawi zoterezi ndi zomwe achifwamba amadikirira. N'chifukwa chake ena ayamba kufunsa za pepper spray, kachitini kopopera mankhwala opangidwa kuchokera ku tsabola.

Mmene amagwirira ntchito
Akalowa m'maso, munthu amalephera kuphenya ndipo amatsokomola kwa mphindi 30 kapena kuposerapo. Umenewu ndi mpata woti muthawe mukukuwa. Musaime kuti mulimbane naye.

Pogula
Yambani mwafunsa apolisi zomwe malamulo amalola. Sankhani kachitini kokwana m'dzanja, kokhala ndi chotsekera, ndipo onani tsiku lothera mphamvu.

Pogwiritsa ntchito
1. Pamalo okayikitsa kagwireni m'manja. Kakakhala pansi pa dengu sikangakuthandizeni.
2. Lozani kumaso, munthuyo ali pa mtunda wa mamita 2.
3. Samalani ndi mphepo: ingabwezere mankhwala kwa inu kapena kwa mwana amene mwabereka.
4. Kasungeni patali ndi ana. Si chida cha pa mkangano.

Akakugwerani m'maso musatikite, tsukani ndi madzi ambiri.

Choipa chikachitika
Kaneneni ku Victim Support Unit ya polisi. Wogwiriridwa afike ku chipatala cha Chiradzulu pasanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV.

Zokambirana
Ndi njira ziti zoopsa m'dera lathu? Tingagwirizane bwanji kuti mayi asamayende yekha usiku?