Kukhulupirirana pa Malonda a Mtedza Odutsa Malire

Nyatsime ndi dera la m'tauni ya Chitungwiza, kum'mwera kwa Harare. M'tauni imeneyi muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi kukafuna ntchito, makamaka m'nyengo ya Chitaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963. Malonda ang'onoang'ono a pakati pa maiko awiriwa kawirikawiri amayambira pa chibale chotere.

Chitsanzo chake ndi munthu wopera chiponde ku Nyatsime amene waitanitsa mtedza ku kalabu ya alimi ya ku Mchinji. Matumba adzatuluka pa Dedza kapena pa Mwanza, nawoloka Zambezi pa Tete, nalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda. Malamulo alipo ndithu, monga pangano la malonda la maiko awiriwa la mu 1995. Koma matumba makumi awiri akapezeka oipa, wogula sangakasume kubwalo la dziko lina, pakuti ndalama za ulendo ndi mlandu zingapose mtengo wa mtedzawo. Chotsala ndi mawu amene anthu anapatsana.

Mawuwo amayesedwa kwambiri pa nkhani ya chuku, chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, satha ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ndi kutinso ulemere pasikelo. Chinyonthocho ndicho chimakulitsa chuku m'thumba. Wogula ali kutali, sangaone zimenezi. Tsono mlimi amene waumitsa bwino ndi kuchotsa mtedza wofwifwa ndi wosweka amatero mwa kufuna kwake, nataya makilogalamu amene akanagulitsa. Nkoyenera kuti wogula abweze ulemuwo polipira mtengo wabwinopo, pa tsiku limene analonjeza.

Ndalama nazonso zimadanitsa anthu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene unamveka wokoma pa nthawi yokolola unasanduka wodandaulitsa kwa mlimi wolipidwa mochedwa.

Choncho alangizi a mbali zonse alimbikitse magulu kuyamba ndi matumba ochepa, kuyeza pasikelo osati pa ndowa, ndi kulemba ndalama imene adzalipirane. Pa katundu aliyense, mbali iliyonse isungeko mtedza pang'ono woti nkudzaonetsana pakabuka mkangano. Chikalata chotsimikiza kuti mbewu ilibe matenda chitengedwe ulendo usanayambe.