Cona wa M'nyumba Naye Amakhala ndi Njoka za M'mimba

Mabanja ambiri m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Chawama, George ndi Matero amasunga cona, amene ena amati pusi kapena mphaka, kuti aziwathandiza pa vuto la makoswe obowola masaka a ufa. Ena samulola kutuluka panja poopa agalu ndi magalimoto, kapenanso poopa aneba amene akaona cona usiku amayamba kunong'ona za ufiti. Motero mwini wake amaganiza kuti cona wosatuluka m'nyumba sangakhale ndi njoka za m'mimba. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo nkhaniyi ikhudza ana athu amene amakwawa pansi pomwe cona amagona.

Kodi njokazi zimalowa bwanji m'nyumba?

Njira yoyamba ndi mkaka wa make. Mwana wa cona amene munapatsidwa ndi mnzanu wa ku Mtendere kawiri-kawiri amafika ali nazo kale, pakuti tiana ta njoka timadutsa mumkaka pamene akuyamwa. Njira yaciwiri ndi nchito yomwe tamuwetera. Khoswe amasunga tiana ta njoka m'ciwindi ndi m'mnofu mwake, ndipo cona akamudya wadya ndi njoka zomwe. Mphemvu nazo zimanyamula mazira. Palinso nthata, zimene ena amati utitiri: cona podzinyambita amameza nthata imene ili ndi kamwana ka njoka m'kati. Ndipo nthawi ya mvula, pamene madzi adzaza m'misewu ya ku Kanyama, ife eni ake timalowetsa mazira a njoka ndi matope a kunsapato. Mazirawa saoneka ndi maso.

Mitundu itatu

Njoka zofala kwambiri ndi zobulungira, zoyererako, zooneka ngati cingwe. Madokotala amazicha Toxocara cati, ndipo zimatha kutalika mpaka masentimita 10. Nthawi zina cona amazisanza zamoyo. Mwana wa cona amene ali nazo amakhala ndi cimimba cacikulu koma thupi loonda, ubweya wosasalala, ndipo amatsegula m'mimba.

Mtundu waciwiri ndi njoka zaphanthi-phanthi zokhala ndi mfundo. Izi ndi zimene zimabwera ndi nthata ndi makoswe. Mukaona tinthu toyera tonga mpunga kunsi kwa mcira kapena pa nsalu imene cona amagonapo, mwina tikuyenda pang'ono-pang'ono, dziwani kuti ndi mfundo za njoka imeneyi, ndipo m'kati mwake mwadzaza mazira.

Mtundu wacitatu ndi tinjoka tating'ono tomwe timaluma matumbo ndi kuyamwa magazi. Sitioneka m'matuvi. Tsegulani kukamwa kwa cona: ngati nkhama zake ndi zotuwa m'malo mofiira, ndipo matuvi ake ndi akuda kwambiri, magazi akumuthera. Mwana wa cona angathe kufa nato.

Koma cona wamkulu angakhale ndi njoka osaonetsa cizindikiro ciliconse. Amadya bwino, amagwira makoswe, uku akumwaza mazira zikwi zambiri tsiku ndi tsiku.

Ngozi kwa ana

Apa m'pamene makolo ayenera kuchera khutu. Mazira a Toxocara akangotuluka sakhala oopsa tsiku lomwelo. Amafuna milungu iwiri kufikira inai kuti akhwime, koma akakhwima amakhala amoyo m'dothi kwa miyezi yambiri, ngakhale zaka. Cona amakonda kukwirira matuvi ake mumcenga, ndipo m'makomboni mwathu mulu wa mcenga woumbira mabuloko ndiwo bwalo losewerera ana. Mwana akaika zala kukamwa wameza mazira. Mayi wapakati amene amalakalaka dothi n'kumatola paliponse ali pa ngozi yomweyo.

M'thupi la munthu tinjokati sitikula kukhala njoka zazikulu. Timangoyendayenda, kupita ku ciwindi kapena ku mapapo. Ana ambiri saona vuto, koma ena amatentha thupi, amatsokomola ndi kupuma movutikira. Nthawi zina, ngakhale sizicitika kawiri-kawiri, kanjoka kamafika m'diso ndi kuliononga. Mwana akayamba kudandaula kuti diso limodzi siliona bwino, kapena mukaona kuyera pakati pa diso, musazengereze ndi mankhwala odonthezera a pa kantemba. Pitani naye kukiliniki msanga, ndipo mufotokozere anamwino kuti panyumba pali cona. Tinjoka toyamwa magazi tija timatha kulowa pakhungu la mwana woyenda cosavala nsapato, n'kusiya kamzere kofiira kokhotakhota koyabwa kwambiri kuphazi kapena kumatako.

Tisanamizire cona zonse. Njoka zambiri zimene zimavuta ana m'makomboni zimacokera ku matuvi a anthu, makamaka zimbudzi zikasefukira. N'cifukwa cake pa Mlungu wa Umoyo wa Ana, umene umacitika kawiri pa caka, makiliniki amapatsa mebendazole ana a caka cimodzi kufikira zaka zisanu. Piritsi limenelo ndi la njoka za m'matumbo mwa mwana. Silicotsa udindo wosamala cona.

Kupatsa cona mankhwala

Si mankhwala onse amene amapha njoka zonse. Piperazine amapha zobulungira zokha. Pyrantel amapha zobulungira ndi zoyamwa magazi. Zaphanthi-phanthi zimafuna praziquantel. Pali mapiritsi a acona ophatikiza mankhwala awiri, monga Drontal ndi Milbemax, ndipo kwa cona wogwira makoswe amenewa ndiwo abwino. Funsani ku ofesi ya za ziweto ya m'boma la Lusaka, ku masitolo a mankhwala a ziweto, kapena ku cipatala ca nyama ca Sukulu ya Samora Machel pa UNZA, kumene anthu a ku Kalingalinga angafike ndi miyendo.

Mulingo umatsata kulemera kwa cona, osati kuyerekeza ndi maso. Muikeni m'thumba, mumupime pa sikelo, ndipo muwerenge zolembedwa pa pepala la mankhwala. Ana a cona amayamba ali ndi milungu itatu, ndi mankhwala amadzi oyenera msinkhu wao, ndipo amabwereza pa milungu iwiri iliyonse kufikira ataleka kuyamwa. Kucoka apo amalandira kamodzi pa mwezi mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Make nayenso apatsidwe pamodzi ndi ana. Cona wamkulu apatsidwe pa miyezi itatu iliyonse, koma amene amadya makoswe kawiri-kawiri angafunike mwezi ndi mwezi.

Amene anayesapo kumwetsa cona piritsi adziwa kuti si masewera. Mukulungeni m'citenje kuti mutu wokha utuluke, mukwezeni cibwano, ikani piritsi kumbuyo kwa lilime, mutseke kukamwa ndi kusisita pakhosi. Akanyambita mphuno ndiye kuti wameza. Ena amaphwanya piritsi n'kulibisa m'kapenta pang'ono cona ali ndi njala.

Cenjezo lalikulu ndi ili: musapatse cona Panadol. Ngakhale theka la piritsi lingamuphe. Musamupatsenso mankhwala a anthu otsala m'kabati. Mankhwala a nthata a agalu amene ali ndi permethrin ndi poizoni kwa cona, cimodzimodzinso dipi ya ng'ombe, palafini ndi mankhwala opopera mphemvu. Koma nthata ziyenera kuthetsedwa ndithu, apo ayi njoka zaphanthi-phanthi zidzabweranso pakangopita milungu yocepa. Gulani mankhwala a nthata olembedwa kuti ndi a acona, capani nsalu yake yogonapo ndi madzi otentha, ndipo sesani bwino m'makona ndi kunsi kwa mipando kumene mazira a nthata amagwera.

Ngati cona amadzithandizira m'nyumba, muikireni beseni yakale ya mcenga kutali ndi mbaula ndi mbale. Cotsani matuvi tsiku lililonse asanakhwime mazira aja, muwataye m'cimbudzi ca dzenje, osati m'dimba la lepu kapena pafupi ndi citsime. Tsukani beseniyo ndi madzi owira, cifukwa Jik sapha mazira a Toxocara. Nchito imeneyi isapatsidwe kwa mwana kapena kwa mayi wapakati, pakuti matuvi a cona amakhalanso ndi kacilombo kena kochedwa Toxoplasma, kamene kangavulaze mwana ali m'mimba. Wocotsayo asambe m'manja ndi sopo. Mulu wa mcenga wa pabwalo uzivundikiridwa ndi lata kapena pulasitiki usiku, popeza acona a aneba nawo amabwera.