Mwana Akamaphunzirira Pakhomo: Alembe Zake, Osati za Eni



Pa 20 Marichi 2020 masukulu onse a mu Zambia anatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Ana a m'makalasi a mayeso anabwerera pa 1 Juni, koma ena onse anakhala pakhomo mpaka Seputembala. Mu 2024 kolera inachedwetsanso kutsegula masukulu kuchokera pa 8 Januwale kufika pa 12 Febuluwale. Masiku amenewo ambiri a ife tinasanduka aphunzitsi osafunsidwa. Palinso makomo amene mwana amaphunzirira panyumba chaka chonse: wodwaladwala, wolumala amene sukulu ili kutali, mtsikana amene akulera khanda, kapena mnyamata amene akukonzekera mayeso a GCE payekha. Phunziro lino likunena za ana otere, ndipo likhudza chinthu chimodzi: kumphunzitsa mwana kulemba maganizo ake ndi mawu ake.

Kulemba kumayambira pakamwa. Mwana akapatsidwa mutu wa chimangirizo, chimene ana athu amati kompozishoni, musamupatse bolopeni msanga. Mukhazikeni pamphasa akufotokozereni kaye. Ngati mutu uli wonena za kaphikidwe ka chakudya, anene mmene mumaphikira chiwawa chotendera: choyamba n'chiyani, nsinjiro zilowa liti, chidulo chithiridwa pati. Akalumpha sitepe, mumufunse ngati ndiwo zingapse choncho. Mwana amene watha kunena zinthu mu dongosolo lake wagwira kale theka la ntchito. Chotsala n'kuika papepala.

Chachiwiri ndi ndime. Ndime ili ngati mtolo wa nkhuni, luzi limodzi limanga mtolo umodzi. Chiganizo choyamba chinene mfundo, zotsatira zipereke chifukwa kapena chitsanzo. Mfundo ikasintha, ayambe ndime ina. Akamaliza, awerenge mokweza inu mukumva. Pamene mpweya wamuthera asanafike pothera chiganizo, pamenepo pakusowa mpumiro. Ndipo musakonze zolakwa zonse tsiku limodzi. Tsamba lodzala ndi inki yofiira limafooketsa ngakhale munthu wamkulu. Sabata ino yang'anani mipumiro yokha, sabata yamawa zilembo zazikulu.

Mpatseninso zolemba zenizeni, monga kalata yopita kwa amalume ake ku Kitwe, mndandanda wa zogula ndi mitengo yake, kapena uthenga wopepesa kwa amfumu kuti simufika ku msonkhano. Mwana amasamala kwambiri akadziwa kuti alipo munthu amene awerengadi.

Tsopano tifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba. Ife aphunzitsi a ku sekondale timadziwa ntchito yokopera tisanamalize ndime yoyamba. Mwana amene m'kalasi amavutika kulemba chiganizo cha mawu asanu amabwera ndi tsamba losalala ngati la m'nyuzipepala. Nthawi zina mabuku khumi amakhala ndi chiganizo chimodzimodzi, ndi liwu limodzi lolembedwa molakwika pa malo amodzimodzi. Mwana wa kumudzi kumene kulibe njanji amalemba za sitima imene imamudzutsa m'mawa uliwonse, chifukwa ndi mmene zinaliri mu kabuku kamene anakopera. Zimaseketsa, koma mwanayo wataya sabata yathunthu osaphunzira kanthu.

Ana ambiri sakopera chifukwa cha mtima woipa. Palibe anawauzapo malire. Tiwauze motere. Pali mfundo zimene ndi za aliyense: kuti dziko lathu linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, kapena kuti damu la Kariba lili pa mtsinje wa Zambezi ndipo linamalizidwa mu 1959. Zimenezi mwana angazilembe momasuka. Koma chiganizo chimene wolemba buku anachiumba, ndi maganizo ake pa nkhaniyo, ndi zake. Mwana akafuna kutenga mawuwo mmene alili, awatsekere m'zizindikiro za mawu ogwidwa, kenaka alembe dzina la wolemba, mutu wa buku, chaka chimene linasindikizidwa ndi nambala ya tsamba. Akangotenga ganizo n'kulinena m'mawu ake, atchulebe mwini wake.

Mwambo umenewu si wachilendo kwa ife. Mwana tikamutuma, timamuphunzitsa kunena kuti “Amayi akuti” kapena “Agogo ati”. Wofalitsa uthenga wa maliro amatchula amene wamutuma, ndipo akapanda kutero anthu samukhulupirira. Kutchula buku ndi ulemu womwewo. Ngati mwana wafunsa agogo ake za njala ya mu 1992 kapena za mmene mudzi unayambira, alembe kuti anamva kwa agogo ake, ndi tsiku limene anacheza nawo. Mphunzitsi wabwino amakondwera ndi ntchito yotere koposa tsamba lokopera.

Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi ya kutseka buku. Mwana awerenge ndime kawiri. Atseke buku, alipereke m'manja mwanu. Akuuzeni zimene wamva, kenaka azilembe. Akamaliza, mubwezereni buku kuti aone ngati maina, zaka ndi manambala zili zolondola. Poyamba adzalemba mizere iwiri yokha yokhotakhota. Musadandaule. Mizere iwiriyo ndi imene adzalowe nayo m'chipinda cha mayeso.

Wina adzati, “Nanga ine Chizungu sindichidziwa, ndidziwa bwanji kuti wakopera?” Mayi, inu ndiye muli ndi muyeso wabwino koposa. Muuzeni akumasulireni m'Chinyanja zimene walemba, chiganizo ndi chiganizo. Lozani ndi chala mawu atatu aataliatali, mufunse tanthauzo lake. Wolemba yekha amayankha, ngakhale mojejema. Wokopera amayang'ana kudenga.

Muyeso umenewu ukufunika kwambiri masiku ano chifukwa cha foni. ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ndipo mu 2024 Meta AI inalowa mu WhatsApp muno mu Zambia. Mwana amangolemba mutu, ndipo chimangirizo chonse chimabwera mphindi imodzi isanathe. Makina amenewa amalumikiza mawu motsatira zimene anthu ambiri analemba kale, ndipo nthawi zina amapeka zaka, maina a mabuku ndi mawu amene munthu sananenepo, n'kuzilemba molimba mtima ngati zoona. Ine sindinena kuti mulande foni. Mwana angafunseko tanthauzo la liwu, kapena kupempha kuti imufotokozerenso phunziro limene sanamve. Koma nthawi yolemba, foni ikhale m'thumba lanu la chitenje. Asungenso pepala loyamba lofufutafufuta lija, ndi deti pamwamba, alimate kumbuyo kwa ntchito yoyera. Tsiku limene mphunzitsi adzamukayikire, pepala limenelo lidzamuchitira umboni.

Koma tisaloze ana okha. Kangati ife amayi timauza mkulu wake kuti, “Mulembere mng'ono wako, kwada”? Kangati timalipira wa tyushoni amene amangolemba homuweki yonse, ife n'kumayamikira mamakisi? Mwana amene wazolowera kulemberedwa ali ndi zaka 9 sadzaona chachilendo munthu akadzamugulitsa pepala la likeji ali ndi zaka 17. Ndipo ndalama zogulira pepalalo kawirikawiri zimachokera m'chikwama cha kholo. Mu Okutobala 2018 boma linaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse pepala la masamu la Giredi 9 litafalikira pa mafoni. Ana osalakwa, amene anawerenga usiku ndi koloboyi, anavutika pamodzi ndi olakwa. Bungwe la Examinations Council of Zambia limafafaniza zotsatira za wophunzira wogwidwa akubera, ndiye kuti zaka zonse za yunifomu, mabuku ndi kamba zapita m'madzi. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Katekisima wa Heidelberg, pa funso 110, pofotokoza lamulo loletsa kuba, satchula akuba othyola nyumba okha. Amatchulanso miyeso yonyenga. Tonse timakwiya pamsika tikapeza kuti chitini choyezera nyemba anachiponda kunsi. Satifiketi nayonso ndi muyeso. Imauza anthu kuchuluka kwa zimene mwini wake akudziwa. Tsiku lina mwini satifiketiyo adzakhala namwino woyeza mankhwala a mdzukulu wanu.

Nanga mukamugwira mwana atakopera, mutani? Musamuchititse manyazi pamaso pa abale ake, ndipo chikwapu sichiphunzitsa ndime. Mufunseni pamene panamuvuta. Kawirikawiri mudzapeza kuti sanamve funso, kapena anayamba mochedwa n'kuchita mantha. Alembenso ntchitoyo inu muli pomwepo, ngakhale ituluke yaifupi. Ngati anaipereka kale, mupite naye kwa mphunzitsi akanene yekha ndi pakamwa pake. Aphunzitsi ambiri amene ndikuwadziwa amalola mwana wotere kulembanso.

Msonkhano wotsatira wa Chigwirizano usanafike, mayi aliyense apemphe mwana mmodzi wa pakhomo pake, kaya wake, kaya mdzukulu, kaya wamasiye amene akumulera, kuti afunse munthu wachikulire za mmene sukulu inaliri pa nthawi yake. Alembe ndime zitatu m'chilankhulo chimene akuchidziwa bwino, atchule amene wamuuza ndi tsiku lake. Mubwere nazo tidzawerengerane, ndipo chonde musazikonze panjira.