Amayi a ku Canada okhala ku London: kalabu yawo ndi ya tiyi basi?

WOULUTSA: Omvera athu, nthawi ija yakwana, ya mafunso ndi mayankho. Sabata yatha, pokamba za magulu a anthu okhala kunja kwa dziko lawo, tinatchulako mongodutsa kalabu ya amayi a ku Canada ya mumzinda wa London. Sitinkayembekeza kuti makalata agwera pomwepo. Ndiye tawapempha mayi athu aja, amene akhala akufufuza za mabungwe a amayi okhala kunja, kuti abwerenso. 

 

 Kalata yoyamba yachokera ku Zomba, kwa bambo wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Akuti: "Ine zamakalabuzi sindizimvetsa. Amayi achoka ku Canada, dziko lolemera kale, afika ku England kumene chilankhulo n'chomwecho. Asowa chiyani kuti mpaka apange kalabu? Si kungofuna pomwera tiyi kumeneku?"

MAYI: Tiyiyo amamwadi, aphunzitsi, sindingawabisire. Koma tiyambe ndi mbiri. Kalabuyi dzina lake ndi Canadian Women's Club, ndipo inayamba mu 1932. Nthawi imeneyo n'kuti Canada House, nyumba ya ofesi ya kazembe wa Canada imene ili pa Trafalgar Square, itangotha zaka 7 chiitsegulireni Mfumu George V mu 1925. Amuna a ku Canada ankabwera ku London kudzagwira ntchito za boma, za mabanki ndi zamalonda. Mwamuna akafika, Lolemba m'mawa amadzuka n'kupita ku ofesi, kumene akapeza anzake, mpando wake ndi dzina lake pachitseko. Mkazi amatsala m'nyumba ya lendi, mumzinda umene sadziwamo munthu, ndipo aliyense wokumana naye amangomudziwa kuti ndi mkazi wa uje. Chingerezi sichithetsa zimenezo. Dokotala wabwino ali kuti? Ana amawalembetsa bwanji sukulu? Mwana akadwala usiku ugogoda pakhomo la ndani? Kwawo kunali kutali, ulendo wa pafupifupi sabata pa sitima ya pamadzi. Pa tiyi paja mpamene ankafunsana zimenezi, mpamenenso mayi ankaitanidwa ndi dzina lake n'kupatsidwa udindo: inu mukhala mlembi, inu musunga thumba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, asilikali a Canada ochuluka zedi anakhala ku Britain, ena kwa zaka zingapo, ndipo ambiri anakwatira komweko. Akazi pafupifupi 48,000, ochuluka mwa iwo a ku Britain, anasamukira ku Canada kutsatira amuna awo, ambiri n'kukatsikira padoko la Pier 21 ku Halifax. Koma asilikali ena sanabwerere, anakhazikika ku Britain n'kukalambira komweko. Thumba la Maple Leaf Trust, limene limayendera limodzi ndi kalabuyi, lakhala likuthandiza akuluakulu oterewa. Mu 1967, pamene Canada inkakwanitsa zaka 100, amayiwa anayambitsanso thumba la Canadian Centennial Scholarship Fund lothandiza ophunzira a ku Canada amene akuchita maphunziro ku Britain. Inu amene munagwirapo choko, aphunzitsi, mukudziwa kuti fizi salipira ndi tiyi.

WOULUTSA: Aphunzitsi ayankhidwa. Iyi yachokera ku Manchester, kwa mayi wa kwathu konkuno amene amagwira ntchito ya unamwino kumeneko. Akuti: "Mnzanga wa kuntchito ndi wa ku Canada, ndipo wandiitana ku chakudya cha Thanksgiving chimene akonza ndi amayi anzake mu Okutobala. Koma ine pa TV ndimaona kuti tsikuli limakhala mu Novembala. Wasokoneza? Nanga ndipite chimanjamanja kapena nditengeko kanthu? Sindikufuna kukachita manyazi."

MAYI: Achemwali, mnzanuyo sanasokoneze, ndipo chonde musakamufunse funso limeneli pagulu, mudzaona nkhope zonse zitasintha. La mu Novembala ndi la ku America, limakhala Lachinayi lachinayi la mweziwo. La ku Canada limakhala Lolemba lachiwiri la Okutobala, ndipo tsiku limeneli analikhazikitsa mu 1957. Ku Canada kumazizira msanga, kukolola kumathanso msanga. Munthu wa ku Canada akakhala kunja, chomwe chimamutopetsa kwambiri ndi kumuyesa wa ku America tsiku ndi tsiku chifukwa cha kalankhulidwe. Choncho chakudya cha mu Okutobalachi amachigwira mwamphamvu, chifukwa ndi tsiku limene palibe angamusokoneze ndi wina.

Pa tebulo mukapeza nkhukundembo yowotcha mu uvuni, mbatata ya kachewere yopota, msuzi wofiira wowawasa wa tizipatso totchedwa cranberry, ndi chitumbuwa cha maungu. Inde, maungu omwewa amene ife timangowiritsa n'kudya m'mawa, iwo amawasakaniza ndi mazira, mkaka, shuga ndi zonunkhiritsa, n'kudya pomaliza. Mukalawe kaye musanaweruze. Nthawi zambiri pamaphwando a m'magulu otere aliyense amabwera ndi mbale yake, ndiye mufunseni mnzanuyo kuti mubweretse chiyani, akuuzani mosabisa. Akati musavutike, tengani maluwa kapena chakumwa. Mandasi okazinga bwino sangakuchititseni manyazi, koma ngati mwaikamo mtedza m'chakudya chilichonse, nenani pofika, chifukwa alipo ena amene mtedza umawadwalitsa koopsa. Nthawi imene wakuuzaniyo ndi yomweyo, osati ola limodzi pambuyo pake. Pakhomo yang'anani pansi: mukaona nsapato zili ndandanda, vulani zanu. M'nyumba zambiri za ku Canada salowa ndi nsapato, chizolowezi cha dziko la chipale chofewa ndi matope.

WOULUTSA: Ndiye kuti masiku oterewa ndiwo msana wa kalabu?

MAYI: Mwagunda pomwepo, bambo, ndipo ndilole ndikhalitsepo pang'ono. Munthu ukakhala kwanu, masiku akuluakulu amakupeza okha: masitolo atseka, wayilesi ikulengeza, ana sapita kusukulu. Ukakhala kunja, tsiku la dziko lako limafika anthu onse ali pa ntchito, basi ikuyenda ngati dzulo. Ngati palibe wina wolemba tsikulo pa kalendala, kupeza holo ndi kuimbira anzake foni, limadutsa osaliona. Ntchito imeneyo ndi imene makalabu a amayi akhala akugwira.

Pa 1 Julaye ndi Canada Day, kukumbukira 1867 pamene zigawo zoyamba zinagwirizana kukhala dziko limodzi. Mpaka 1982 tsikuli linkatchedwa Dominion Day. Ku London, zaka zina anthu akhala akudzaza Trafalgar Square atavala zofiira ndi zoyera. Mu Seputembala pamakhala kuthamanga kokumbukira Terry Fox, mnyamata amene anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa koma mu 1980 anayamba kuthamanga kudutsa dziko lonse la Canada kuti apeze ndalama zofufuzira matendawa. Anathamanga masiku 143, mtunda wa makilomita 5,373, matenda n'kumuimitsa, ndipo anamwalira mu 1981. Anthu a ku Canada okhala m'maiko ambiri amachititsa kuthamangaku kumene aliko.

Kenako pa 11 Novembala, tsiku lokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo. Aphunzitsi a ku Zomba aja apa sakufunika kuwafotokozera, poti chipilala cha asilikali a King's African Rifles chili kwawo komweko, ndipo duwa lofiira lija amalidziwa. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwambo wovala duwalo unachokera pa ndakatulo ya dokotala wa asilikali wa ku Canada, John McCrae, imene analemba mu 1915. Ku London kuli chikumbutso cha asilikali a Canada ku Green Park, chimene Mfumukazi Elizabeth II inatsegula mu 1994, ndipo ku manda a asilikali a Brookwood ku Surrey kunaikidwa asilikali a Canada oposa 2,000. Kwa mayi amene agogo ake anagona kumeneko, limeneli si tsiku la tiyi.

Pakati pa masiku akuluakuluwa mpamene pamakhala zing'onozing'ono zimene magulu otere amakonda: kuwerenga buku limodzi n'kukambirana, kuyenda limodzi, kukaona nyumba zosungiramo zakale, kumvetsera mlendo wodzayankhula.

WOULUTSA: Kafunso kachidule kuchokera kwa mtsikana wa Fomu 3 ku Kasungu. Akufunsa kuti tsamba lija la pa mbendera ya Canada, limene tinati limapezeka pa chilichonse cha kalabuyi, ndi la mtengo wanji.

MAYI: Ndi la mtengo wa maple, mwanangu, ndipo mbendera imeneyo inayamba kugwira ntchito pa 15 Febuluwale 1965. Chisanu chikamatha amabowola mtengowo, n'kutunga madzi ake, n'kuwawiritsa mpaka atasanduka manyuchi. Malita pafupifupi 40 a madziwo amatulutsa lita imodzi yokha, n'chifukwa chake ndi okwera mtengo. Ambiri amachokera kuchigawo cha Quebec. Mayi wa m'kalabu akamachokera kwawo kutchuthi, m'sutikesi simulephera kukhala chitini chake.

WOULUTSA: Tsopano iyi ndi yotentha. Yachokera ku Johannesburg, kwa bambo amene akuti amagwira ntchito m'nyumba ya anthu ochokera kunja. Akuti: "Inu mukuwayamikira, koma ine ndimawaona. Makalabu otere ndi a akazi a mabwana. Amakumana okhaokha, amadya zakwawo, amadandaula za dziko limene lawalandira, kenako amanyamuka osadziwa ngakhale moni wa eni dziko. Zachifundo zawozo n'zongojambulitsa."

MAYI: Bambo, za kumene inu mukugwira ntchito mukuzidziwa ndinu, ndipo zina mwa zimene mwanenazi n'zoona. Gulu limene limakumana Lachiwiri nthawi ya 10 koloko m'mawa lasankha kale mamembala ake ngakhale lisanalembe lamulo lililonse, chifukwa namwino, mphunzitsi ndi wophunzira sangabwere. Phwando lopezera ndalama za chifundo likakhala la madiresi aatali m'hotela yodula, wa malipiro ochepa amadzichotsa yekha. Ndipo n'zotheka ndithu munthu kukhala zaka m'dziko la eni koma anzake onse ali a kwawo. Kalabu imene inayenera kukhala pomuthandiza kuti azolowere, imasanduka pobisalira.

Palinso funso lina limene amayi a ku Canada eniake amafunsana: kodi Canada amene tikuonetsa kunjayu ndi uti? Kalembera wa 2021 anapeza kuti anthu 23 pa 100 aliwonse a m'dzikomo anachita kusamukirako kuchokera kumaiko ena. Dzikolo lili ndi zilankhulo ziwiri za boma, Chingerezi ndi Chifalansa, kuyambira 1969, ndipo wa ku Quebec tsiku lake lalikulu ndi 24 Juni. Kuyambira 2021, pa 30 Seputembala dziko limakumbukira ana a mitundu imene azungu anaipeza kumeneko, ana amene ankalandidwa kwa makolo awo n'kutsekeredwa m'sukulu zogonera komweko kuti aiwale zilankhulo ndi miyambo yawo. Anthu amavala malaya a mtundu wa lalanje tsiku limenelo. Kalabu imene ingangoonetsa manyuchi ndi apolisi a majekete ofiira okwera pa akavalo, n'kusiya zimenezi, ikuonetsa dziko la pa khadi la positi.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi pa zachifundo. Zojambulitsa ziliko, koma thumba limene layenda kuyambira 1967 siliyenda ndi zithunzi. Pali anthu amene amakhala pansi chaka ndi chaka kuwerenga makalata a ophunzira, kusankha, ndi kuwerengera ndalama, osalandira kanthu. Muyeso wanga ndi umenewo: osayang'ana diresi, funsani kuti mabuku a ndalama ali kuti ndipo amawaona ndani.

WOULUTSA: Yomaliza yachokera ku Leicester. Mayi wina akuti iye ndi anzake a ku Malawi ndi ku Zambia ali ndi gulu la pa WhatsApp, koma limangodzuka pakagwa maliro. Akufunsa ngati pali chimene angatengere kwa amayi a ku Canadawa.

MAYI: Chilipo, mayi, ngakhale thumba lanu si lofanana ndi lawo. Gulu la maliro okha limatopetsa, chifukwa foni ikalira aliyense amadziwa kuti ndi chopereka. Khalani pansi mu Januwale, musankhe masiku atatu kapena anayi a chaka chonse, 6 Julaye ndi 24 Okutobala, masiku a ufulu wa maiko anu awiriwo, akhale m'gulumo, ndipo tsiku lililonse likhale ndi mwini wake wolikonza. Muziika Loweruka kapena Lamlungu masana, poganizira a mashifiti. Wosunga thumba asakhale mkazi mmodzi yekha, akhale awiri, ndipo aziwerenga ndalama pamaso pa onse. Mipando izisinthana. Magulu ambiri a amayi amafa tsiku limene wapampando woyamba wasamuka kapena wakwiya, ndipo kalabu ya ku London siikanafika lero ikanakhala ya munthu mmodzi, poti mamembala a magulu otere amabwera n'kumapita. Chomaliza, musankhe mayi mmodzi amene ntchito yake ndi kulandira obwera kumene: kumuimbira foni sabata yoyamba, kumuonetsa kogula ufa, kumuperekeza kukalembetsa kwa dokotala. Zimenezi WhatsApp siichita.



 Achemwali a ku Manchester aja adzatilembere za chitumbuwa cha maungucho.

WOULUTSA: Mwamva, tikudikira. Makalata amene sitinawawerenge lero tiwawerenga sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi. Polemba musaiwale kutchula dera limene mukulembera, ndipo funso likhale lalifupi.