Digiri Isakuiwalitse Mwana Amene Wakhala Patsogolo Pako

Iwe amene ukufuna kukachita digiri ya masitazi pa zothandiza anthu ovutika kulankhula ndi kumva, takhala kaye pansi. Ukupita ndi mtima wabwino, sindikutsutsa. Koma mtima wabwino pawokha suteteza munthu kulakwa.

Mu 1939, pa University of Iowa ku America, panali wophunzira wa masitazi dzina lake Mary Tudor. Woyang'anira kafukufuku wake anali Dr. Wendell Johnson, katswiri amene iye mwini ankachita chibwibwi kuyambira ali mwana. Johnson ankakhulupirira kuti chibwibwi chimayamba makolo akamadzudzula mwana nthawi iliyonse akadodoma polankhula. Pofuna umboni, anatumiza Tudor kunyumba yosungira ana amasiye ku Davenport. Kumeneko anasankha ana 22. Mwa iwo, 10 ankaoneka kuti ali ndi chibwibwi, 12 ankalankhula bwinobwino.

Mwa 12 aja anapatulapo 6. Kuyambira Januwale mpaka Meyi, Tudor ankakhala nawo mmodzimmodzi n'kumawauza bodza: kuti ayamba kuonetsa zizindikiro za chibwibwi, kuti asamale, kuti asatsegule pakamwa pokhapokha akadziwa kuti mawu atuluka bwino. Aphunzitsi ndi olera anawo anauzidwanso bodza lomwelo kuti aziwakumbutsa tsiku ndi tsiku.

Tsopano tamvera pamene zinalakwika. Tudor sanachite kuuzidwa ndi wina kuti anawo akuvutika. Ankaona yekha, n'kumalemba. Kamtsikana ka zaka 5, kamene kankalankhula momasuka mwezi wapitawo, kanayamba kuuma pakamwa. Wina wa zaka 9 ankangophimba maso ndi dzanja. Kusukulu nako zinayamba kuwavuta. Nanga bwanji sanasiye? Chifukwa kwa wophunzira amene akuthamangira kumaliza, kuvutika kwa mwanayo kunali kutasanduka zotsatira za kafukufuku. Mwana akakhala chete, papepala pankaonjezereka mzere.

Ukuganiza kuti iwe sungatero? Dikira fizi ikuthere, nthawi yopereka pepala itayandikira, ndipo munthu yekhayo amene angasainire digiri yako ndi pulofesa amene aliyense amamugwadira. Tsiku limenelo udzayankha chiyani akadzakuuza kuti pitiriza?

Zizindikiro zakuti zinthu zalakwika zinalipo kuyambira pachiyambi, ndipo ndi zomwezo uyenera kusamala nazo lero.

Choyamba, kafukufuku amene sangayende popanda kunamiza mwana ndi womulera. Ngati ukuopa kuti atadziwa zoona akana, ndiye kuti ukudziwa kale kuti angakane. Ukuwabisiranji?

Chachiwiri, funsa chifukwa chake mwasankha anthu amenewa osati ena. Ana a ku Davenport analibe kholo lobwera kudzafunsa kuti mwana wanga mukumutani. Kodi akanakhala ana a aphunzitsi a payunivesitepo, wina akanayerekeza? Ntchito yako idzakufikitsa kwa ana osamva, kwa odwala sitiroko amene mawu anawathawa, kwa okalamba. Ena a iwo sangathe ngakhale kutchula mawu oti ayi. Kusakana kwawo usakutenge ngati chilolezo.

Chachitatu, ona amene akugwira ntchito yonyansayo. Ganizo linali la Johnson, koma amene ankayang'anizana ndi anawo anali Tudor. Dzina limene lili pachikuto cha pepala la kafukufukuyo ndi lake. Mawu oti ndinangotumidwa sadzakuyeretsa.

Chachinayi, usadzinamize kuti udzakonza pambuyo pake. Tudor anabwererako kukayesa kuwalimbikitsa anawo, koma mawu oponyedwa mumtima wa mwana sabwezeka ngati ngongole.

Ndipo zonsezi zinapindula chiyani? Pepalalo silinasindikizidwe, linangokhala mulaibulale. Akatswiri amene anadzaliwerenganso patapita zaka zambiri anapeza kuti silinatsimikize n'komwe ganizo la Johnson. Iye anamwalira mu 1965. Mu 2001 nyuzipepala ya San Jose Mercury News inaulula nkhaniyi, yunivesite n'kupepesa. Ena mwa anawo, apa n'kuti ali okalamba, ndi pamene anadziwa zimene anachitidwa. Mu 2007 boma la Iowa linavomera kupereka chipukutamisozi cha madola 925,000. Mpaka lero kafukufukuyu amadziwika ndi dzina loti Monster Study.

Masiku ano mayunivesite ali ndi makomiti oona ngati kafukufuku akulemekeza anthu, ndipo usayambe kalikonse asanakuvomereze. Koma komiti imaona mapepala, silowa nawe m'chipinda. Mmenemo mudzakhala iwe ndi mwanayo basi.

Choncho pita ukaphunzire, ntchitoyi ikufunika anthu. Lemekeza aphunzitsi ako, koma ukaona kuti munthu amene unabwera kudzamuthandiza akubwerera m'mbuyo chifukwa cha zochita zako, imitsa tsiku lomwelo ndipo ukanene kukomiti. Digiri ikachedwa chaka chimodzi udzaipezabe. Akulu anati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Zimene sungalole kuti zichitikire wako, usazichite kwa wa wina.