Galimoto yowatengera alendo ku Senga Bay

Zikomo mayi athu a ku Madisi chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu akubwera kuchokera ku Johannesburg ndi apongozi anu, ndipo mukufuna galimoto yowatenga pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi mpaka ku hotela ku Senga Bay.

Mayi, yambani ndi hotelayo. Imbani foni, kaya ndi ku Sunbird Livingstonia kaya kwina, mufunse ngati ali ndi galimoto yawo kapena dalaivala amene amamudalira. Zikavuta panjira mudzakhala ndi powafunsa. Mtengo mugwirizane lero, m'makwacha, ndipo anene poyera ngati mafuta ali momwemo komanso ngati adzalipiritsa nthawi yodikira ndege ikachedwa. Apa ndi pamene anthu ambiri amakanganirana.

Dalaivala mumupatse nambala ya ndege ndi nthawi yotera. Inu mulembe dzina lake, foni yake ndi nambala ya galimoto, mutumizire mwana wanu pa WhatsApp asananyamuke. Ngati dalaivalayo akufuna ndalama yoyambira, tumizani pang'ono pa Mpamba kapena Airtel Money, yotsalayo akafika.

Ulendo wodutsa ku Mvera kutsikira ku Salima ndi wa maola awiri kapena kuposerapo. Msewuwo uli ndi makona m'mapiri, ndiye ndege ikatera madzulo, ine ndikupempha kuti agone ku Lilongwe, anyamuke m'mawa. Ngati pali kamdzukulu, funsani ngati malamba a mipando yakumbuyo akugwira ntchito.